Nthenda Yosoŵa Dzina: Mbiri ya Mawu Akuti Glaucoma

Dera la Mfumu Chowe lili kuvuma kwa mtsinje wa Shire, m'boma la Mangochi, komwe mseu wochokera pa boma umayamba kukwera mapiri kulinga ku Namwera ndi ku Chiponde, m'malire a dziko lino ndi Mozambique. Kumeneko, monganso m'maboma ena onse, munthu wachikulire akayamba kupunthwa panjira imene wakhala akuiyenda kuyambira ubwana wake, achibale sachedwa kutchula dzina la vuto lake. Amati maso a agogo achita ng'ala. Kaŵirikaŵiri amakhala atalasa, pakuti ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri m'Malaŵi muno. Koma nthaŵi zina amakhala ataphonya, ndipo kuphonya kumeneko kumatayitsa munthu maso kwa moyo wake wonse.

Nthenda imene imabisala kumbuyo kwa dzina la ng'ala madokotala amaitcha glaucoma. Mawuŵa ndi achilendo ndiponso olemera pakamwa, ndipo wofuna kuwamasulira m'Chicheŵa amasoŵa pogwira, popeza chinenerochi chili ndi mawu akuti ng'ala ndi akuti khungu, koma chilibe dzina lakale la nthendayi lodziŵika m'maboma onse. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Eni ake a mawuŵa, Agiriki, sankatha kusiyanitsa bwino nthenda ziŵirizi, ndipo asing'anga a ku Ulaya anapitiriza kuzisokoneza kwa zaka pafupifupi 2,000. M'zaka zonsezo mawuŵa akhala ndi matanthauzo atatu: poyamba ankanena za mtundu wa diso, kenaka za kulimba kwa diso, ndipo lero amanena za kufa kwa mtsempha wa diso. Wotsatira bwino matanthauzo atatuŵa angamvetse chifukwa chake wodwala ng'ala amatha kuonanso, pamene wodwala glaucoma akachedwa saonanso.

Tanthauzo loyamba: mtundu wa diso

Dzinali linachokera ku liwu lachigiriki lakuti glaukos. Agiriki ankatchula liwuli ponena za mtundu wotuŵa mobiriŵira, wonga wa nyanja tsiku la mitambo kapena wa masamba a mtengo wa azitona. Msodzi wa pa nyanja ya Malombe amene amapalasa bwato m'bandakucha akuudziŵa bwino mtundu umenewu. M'mabuku otchedwa ndi dzina la Hippocrates, sing'anga wachigiriki amene anakhalako zaka pafupifupi 400 Yesu asanabadwe, liwuli likupezeka pamndandanda wa matenda a okalamba. Sing'anga wa nthaŵi imeneyo ankasuzumira m'diso la nkhalamba yosaona, ndipo akapeza kuti mwanadiso, amene amayenera kukhala wakuda bii, wasanduka wotuŵa, ankatchula dzinalo. Analibe chipangizo choonera m'kati, chotero ambiri mwa anthu amene iye ankati ali ndi glaucoma ayenera kuti anali ndi ng'ala wamba.

Patapita zaka mazana angapo, asing'anga a mu ufumu wa Aroma, monga Rufus wa ku Ephesus ndi Galen, anazindikira kuti khungu la okalamba lili mitundu iŵiri. Khungu lina linkatha sing'anga akaloŵetsa singano m'diso ndi kukankhira pansi chotchinga choyeracho. Lina silinkatha ngakhale sing'anga atachita zotani. Khungu losachiritsikalo ndilo linatsala ndi dzina lakuti glaucoma.

Zinenero zina zikusungabe ganizo lakale limeneli. Aluya ng'ala amaitcha madzi oyera, ndipo glaucoma amaitcha madzi obiriŵira. Ajeremani nawonso amasiyanitsa nthenda ziŵirizi ndi mitundu, ina yotuŵa, ina yobiriŵira. Koma mayina otereŵa amasocheretsa, chifukwa diso la munthu wodwala glaucoma ya mtundu wofala kuno ku Africa silisintha maonekedwe konse. Limakhala lakuda, loŵala, losatupa, lofanana ndi la munthu wina aliyense. Ndicho chikomekome cha mkuyu chimene akale ankanena, m'kati muli nyerere.

Tanthauzo lachiŵiri: diso lolimba

Maso atalephera kuzindikira nthendayi, zala zinaizindikira. M'zaka za m'ma 900, sing'anga wina wa m'maiko a Chisilamu, dzina lake al-Tabari, analemba za nthenda yoŵaŵa ya maso imene imalimbitsa diso. M'chaka cha 1622, Richard Banister, sing'anga wa maso woyendayenda wa ku England, analemba kuti pali maso ena osaona amene akasisitidwa ndi chala pamwamba pa chikope amamveka olimba koposa, ndi kuti maso otero sachira. Mawu ake anangokhala m'buku kwa zaka zambiri popanda wowasamala.

M'chaka cha 1709, dokotala wa ku France, Michel Brisseau, atang'amba ndi kupenda maso a anthu omwalira, anasindikiza buku losonyeza kuti ng'ala ndi kuchita mbuu kwa kagalasi kachibadwa kamene kali kumbuyo kwa mwanadiso, ndi kuti glaucoma siikhala m'kagalasi kameneko. Kuyambira pamenepo ng'ala inadziŵika malo ake. Glaucoma inatsala ndi funso lake: kodi chimalimbitsa diso n'chiyani?

Yankho lake anthu a ku Mangochi angalimve msanga kuposa ena, chifukwa nyanja yawo inachitapo zofanana. Nyanja ya Malaŵi imalandira madzi kuchokera ku mitsinje yambiri, monga Songwe, Rukuru, Ruhuhu, Bua ndi Linthipe, koma mtsinje wotulutsa madziwo ndi umodzi wokha, Shire, umene umayambira kufupi ndi boma la Mangochi. Kuyambira cha m'ma 1915 kufikira cha m'ma 1935, nyanja itaphwera, mchenga ndi zomera zinatseka njira ya Shire ndipo madzi analeka kutuluka. Mitsinje ija sinaleke kuthira. Nyanja inayamba kukwera chaka ndi chaka mpaka inaphwasula mchengawo, Shire n'kuyambanso kuyenda.

M'chigawo chakutsogolo cha diso mulinso kanyanja kotere. Madzi ake si misozi ayi, pakuti misozi imakhala kunja. Ameneŵa ndi madzi oyera mbee a m'kati, amene diso limapanga usana ndi usiku kuti lidyetse ziŵalo zake ndi kusunga maumbidwe ake. Madziŵa amadutsa pamwanadiso ndi kukatulukira pa kasefa kakang'ono kozungulira m'mbali, kenaka amaloŵa m'kangalande kamene Friedrich Schlemm wa ku Berlin anakafotokoza m'chaka cha 1830. Kasefako kakayamba kutsekeka, madzi amatuluka pang'ono pamene diso likupangabe ena. Nyanja ili ndi gombe loti isefukirepo, koma diso ndi thumba lotseka. Mphamvu ya madziwo imakwera ndi kukakanikiza malo ofeŵa koposa, kumbuyo kwa diso, pamene mtsempha waukulu umatulukira kupita ku ubongo.

Mtsempha umenewu uli ngati chingwe cha khonje chopotedwa ndi timaulusi toposa 1,000,000, ndipo kaulusi kalikonse kamanyamula kachigawo kake ka zimene diso laona. Timaulusiti tikakanikizidwa timafa, ndipo kaulusi kakafa sikameranso. Toyamba kufa ndi tonyamula zinthu za m'mbali. Munthu amaonabe bwino chimene wachiyang'anitsitsa, amaŵerenga, amasoka ukonde, amazindikira nkhope ya mnansi wake, koma njinga yochokera chakumbali amangodzidzimuka nayo itafika. Diso linalo limabisa zimene linzake lataya, ndipo palibe kupweteka. Pakapita zaka, munthuyo amatsala akuona ngati wosuzumira m'kati mwa nsungwi yobooledwa, ndipo potsiriza kaboo komweko kamatsekeka.

Kusuzumira m'kati mwa diso

Zonsezi zinayamba kuoneka poyera m'chaka cha 1851, pamene Hermann von Helmholtz wa ku Germany analengeza kachipangizo ka magalasi kounikira m'kati mwa diso la munthu wamoyo. Dokotala wachinyamata wa ku Berlin, Albrecht von Graefe, anakalandira ndi manja aŵiri. Iye ndi anzake anapeza kuti m'maso a odwala glaucoma, pamene mtsempha umatulukira pamakumbika ngati chikho. M'chaka cha 1857, von Graefe anafotokoza opaleshoni yodula kachidutswa ka kansalu kozungulira mwanadiso kuti madzi apeze njira, ndipo opaleshoniyo inapulumutsa maso a anthu ambiri amene anagwidwa ndi glaucoma yadzidzidzi. Aka kanali koyamba m'mbiri kuti nthenda yotchedwa yosachiritsika ija iimitsidwe. Patangopita zaka ziŵiri, mu Seputembala 1859, David Livingstone anakwera ndi Shire, nadutsa pa Malombe, nafika pamene mtsinjewo umachoka m'nyanja. Von Graefe anamwalira ndi chifuŵa chachikulu m'chaka cha 1870 ali ndi zaka 42 zokha.

Mankhwala oyamba anachokera ku Africa

Opaleshoni inatulukira ku Ulaya, koma mankhwala oyamba a glaucoma anachokera ku Africa, ndipo njira imene anadzera omvera a m'dziko lino aizindikira. Kale kuno munthu woganiziridwa ufiti ankamwetsedwa mwabvi. Akasanza ankati ndi wosalakwa, akafa ankati mlandu wamupeza. Boma la atsamunda linaletsa mwambowu m'Nyasaland ndi lamulo la m'chaka cha 1911. Anthu a mtundu wa Efik a ku Calabar, m'dziko limene tsopano ndi Nigeria, anali ndi mwambo wofanana, koma iwo ankagwiritsa ntchito nyemba yakupha yotchedwa esere.

Amishoni a ku Scotland amene ankagwira ntchito ku Calabar anatumiza nyembazi ku Edinburgh. Kumeneko katswiri wa za poizoni, Robert Christison, anadya kachidutswa ka nyembayo m'chaka cha 1855 kuti aone mphamvu yake, ndipo anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Thomas Fraser anapeza kuti madzi a nyembayo akadonthezedwa m'diso, mwanadiso amachepa, ndipo m'chaka cha 1863 dokotala wa maso, Argyll Robertson, anayamba kuwagwiritsa ntchito. M'chaka cha 1876, Ludwig Laqueur wa ku Strasbourg, amene iye mwini ankadwala glaucoma, anasonyeza kuti mankhwala ochokera m'nyembayo amatsitsa mphamvu ya madzi a m'diso. Nyemba imene inkapha anthu pabwalo la milandu inasanduka mankhwala oteteza maso. Chaka chotsatira Adolf Weber anayambitsa mankhwala ena, pilocarpine, ochokera ku masamba a chitsamba cha ku Brazil.

Zipangizo ndi mankhwala zinapitiriza kubwera. M'chaka cha 1905, Hjalmar Schiøtz wa ku Norway anapanga kasikelo koyezera kulimba kwa diso, kamene kanaloŵa m'malo mwa chala cha sing'anga. M'zaka za m'ma 1950, Hans Goldmann wa ku Switzerland anapanga choyezera china cholondola koposa. M'chaka cha 1968, John Cairns wa ku Cambridge anafotokoza opaleshoni yotsegula kangalande katsopano kotulutsira madzi, imene ikuchitikabe m'zipatala zazikulu kufikira lero. Mankhwala odontheza otchedwa timolol anafika m'chaka cha 1978, ndipo latanoprost m'chaka cha 1996.

Tanthauzo lachitatu: mtsempha umene ukufa

Kuyeza kutachuluka, madokotala anapeza zodabwitsa. Pa muyeso wawo, mphamvu ya madzi m'maso a anthu ambiri athanzi imakhala pakati pa 10 ndi 21. Koma panapezeka anthu ena a muyeso wokwera amene mtsempha wawo unali bwinobwino, ndi ena a muyeso wooneka wabwino amene mtsempha wawo unkafa ndithu. Kafukufuku wa mumzinda wa Baltimore ku America, wofalitsidwa m'chaka cha 1991, anapeza kuti pafupifupi theka la odwala glaucoma anali ndi muyeso wosakwera pa tsiku limene anayezedwa koyamba.

Chotero tanthauzo linasinthanso. Lero glaucoma ndi dzina la gulu la matenda amene amapha mtsempha wa diso pang'onopang'ono. Kukwera kwa mphamvu ya madzi ndiko chochititsa chachikulu, ndiponso ndiko kokha kumene madokotala amatha kukutsitsa, koma chimene akulimbana kuti apulumutse ndi mtsempha. N'chifukwa chake kuyeza kokwanira kumafuna zinthu zitatu: kuyeza mphamvu ya madzi, kusuzumira pamtsempha, ndi kuyesa mmene munthu akuonera zinthu za m'mbali. Mphamvu ya madzi a m'diso ndi yosiyana ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo woyezetsa magazi pamkono asaganize kuti wayezetsanso maso.

Katundu wolemera wa anthu akuda

Kafukufuku wa ku Baltimore uja anaonetsanso kuti anthu akuda amadwala glaucoma kuŵirikiza kanayi kapena kasanu kuposa azungu, ndiponso imawayamba akadali ocheperapo msinkhu. Pachilumba cha Barbados, pamene anthu ambiri ndi zidzukulu za akapolo otengedwa ku West Africa, zotsatira za m'chaka cha 1994 zinasonyeza kuti anthu 7 mwa anthu akuda 100 alionse a zaka 40 kapena kuposerapo anali ndi nthendayi. Ku Kongwa m'dziko la Tanzania, m'chaka cha 2000, anapezeka anthu 4 mwa 100 alionse a msinkhu womwewo, ndipo ku Tema m'dziko la Ghana anapezeka pafupifupi 7. Kafukufuku wa dziko lonse la Nigeria anapeza anthu 5 mwa 100, ndipo mwa odwalawo amene ankadziŵa kuti akudwala sanakwane 6 mwa 100 alionse, pamene mmodzi mwa asanu alionse anali atachita kale khungu. Akatswiri anaŵerengera m'chaka cha 2014 kuti pofika 2020 odwala glaucoma padziko lonse adzakhala 76 miliyoni, ndi kuti pofika 2040 adzapitirira 111 miliyoni. Pa matenda ochititsa khungu losabwezeka, glaucoma ndiyo ili patsogolo.

Nkhondo ya maso m'Malaŵi

M'dziko lino mbiri ya chithandizo cha maso siingakambidwe popanda dzina la Dr Moses Chirambo, Mmalaŵi woyamba kukhala katswiri wa matenda a maso. Iye anagwira ntchito pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo m'chaka cha 1983 anali mmodzi wa otsogolera kafukufuku wa khungu m'chigwa cha Shire. Ataona kuti akatswiri a maso sadzakwanira msanga, analimbikira kuphunzitsa othandiza madokotala ntchito ya maso kuti atumizidwe m'zipatala za maboma, ndipo maphunzirowo anakopa ophunzira ochokera m'maiko ena a kum'mwera kwa Africa. Anakhala nduna ya zaumoyo m'chaka cha 2009 ndipo anamwalira m'chaka cha 2010. Lero zigawo zazikulu za maso zili pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pa Kamuzu Central, ku Zomba, ku Mzuzu ndi pa chipatala cha mishoni cha Nkhoma.

Khama limeneli labala zipatso. Anthu zikwizikwi amene ng'ala inawatsekera m'nyumba aonanso atachitidwa opaleshoni ya mphindi zoŵerengeka, yochotsa kagalasi kochita mbuu ndi kuikapo kena kopanga. Mu Seputembala 2022, bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linalengeza kuti Malaŵi wagonjetsa trakoma, nthenda yopinda zikope imene inkachititsa khungu anthu ambiri m'midzi, ndipo dziko lino linakhala loyamba kum'mwera kwa Africa kuchita zimenezi.

Glaucoma yokha yakana kugonja mwa njira zimenezi. Kafukufuku wa Dr Khumbo Kalua ndi anzake m'maboma 7 a m'chigawo cha kum'mwera, wofalitsidwa m'chaka cha 2011, anapeza kuti anthu 3 mwa 100 alionse a zaka 50 kapena kuposerapo anali osaona. Mwa osaonawo, pafupifupi 48 pa 100 alionse anali ndi ng'ala, ndipo pafupifupi 16 anali ndi glaucoma, imene inakhala yachiŵiri. Anthu 48 aja opaleshoni ikanawabwezera maso. Anthu 16 aja palibe dokotala padziko lapansi amene akanawabwezera. Trakoma inagonja chifukwa mudzi wonse unkalandira mankhwala tsiku limodzi, ndipo ng'ala imadzionetsa yokha mwa kuyera kwake. Wodwala glaucoma ayenera kupezedwa payekha, asanadziŵe kuti akudwala, ndipo akapezeka ayenera kusamalidwa moyo wake wonse.

Tanthauzo lake kwa anthu a ku Chowe

Apa ndi pamene kusoŵa dzina kumapweteka. Banja likaganiza kuti agogo ali ndi ng'ala, limati tidikire ikhwime, kapena tidikire madokotala a maso adzafike pa boma, tikolole kaye, tipeze ya galimoto. Ngati ilidi ng'ala, agogowo adzaonanso, ngakhale kuti ng'ala yosiyidwa nthaŵi yaitali nayo imatha kutupa ndi kuyambitsa glaucoma. Koma ngati ili glaucoma, mwezi uliwonse wodikira ukudya timaulusi ta mtsempha, ndipo tsiku lofika kuchipatala banjalo limamva mawu oŵaŵa akuti palibe chochotsa. Madzi akatayika saoleka. Ena pomva zimenezi amaganiza kuti dokotala wawakana, kapena kuti pali munthu amene wawalodza, chikhalirecho nthendayo inayamba zaka zambiri zapitazo popanda woiona.

Anthu oyenera kusamala koposa akudziŵika. Oyamba ndi onse amene akwanitsa zaka 40, ngakhale maso awo akuona bwino. Achiŵiri ndi a m'banja la wodwala, pakuti glaucoma imayenda m'magazi, ndipo wobadwa mimba imodzi ndi wodwala, kapena mwana wake, ali pangozi yoposa ya anthu ena kangapo. Kudera ngati la Chowe, kumene mwinimbumba amayang'anira alongo ake ndi ana awo, udindo umenewu uli ndi mwini wake kale: mmodzi akapezeka ndi nthendayi, amalume asonkhanitse achimwene ndi achemwali onse kuti akayezetse. Ena ndi odwala shuga, amene anavulalapo diso, ndi amene amadontheza m'maso mankhwala a mtundu wa steroid kwa nthaŵi yaitali popanda uphungu wa kuchipatala, monga amachitira ena ogula mankhwala a maso oyabwa pamsika. Magalasi oŵerengera ogula pamsika amathandiza kuona zilembo, koma sanena kanthu za mtsempha.

Pali mitundu iŵiri ya glaucoma imene siibisala. Wina umagwira mwadzidzidzi: diso limafiira ndi kuŵaŵa kwambiri, mutu umapweteka, munthu amachita nseru kapena kusanza, ndipo akayang'ana nyali amaona utawaleza mozungulira. Wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti diso lingathe kufa m'masiku oŵerengeka, ndipo asathiremo mankhwala azitsamba kapena china chilichonse. Mtundu wina ndi wa makanda. Mwana wa maso aakulu modabwitsa, otuluka misozi nthaŵi zonse, oopa kuŵala kapena ochita mbuu pamwamba, asatamandidwe kuti ali ndi maso okongola. Afunika opaleshoni msanga.

Wopezeka ndi glaucoma adziŵe chimene chithandizo chingachite ndi chimene sichingachite. Mankhwala odontheza, kuŵala kwa laser ndi opaleshoni, zonse zimatsitsa mphamvu ya madzi kuti mtsempha wotsala usafe. Sizibweza zimene zinatayika. Ambiri amaleka mankhwala poona kuti maso sakusintha, osadziŵa kuti kusasinthako ndiyo ntchito ya mankhwalawo. Botolo likatha, lina liyenera kukhala litafika kale. Pa mwezi wa Ramadan, Asilamu osala kudya angapangane ndi dokotala wawo za nthaŵi yodontheza, monga m'bandakucha ndi dzuŵa litaloŵa, m'malo moleka mankhwala mwezi wathunthu. Kwa anthu okhala kutali ndi chipatala, amene kupeza botolo mwezi ndi mwezi kumawavuta, madokotala kaŵirikaŵiri amalangiza opaleshoni, ndipo woiopa akumbukire kuti cholinga chake ndi kusunga kuona kumene kulipo. Chiyembekezo china chinachokera ku Tanzania m'chaka cha 2021, pa chipatala cha Kilimanjaro Christian Medical Centre, kumene anayerekeza laser ndi mankhwala a timolol. Patatha chaka, laser inali itagwira bwino ntchito m'maso 61 mwa 100 alionse, pamene timolol anagwira m'maso 31.

Amene nthendayi inawatseka kale maso asatayidwe kuseri kwa nyumba. Munthu wosaona amaphunzira kuyenda ndi ndodo, kulima, kuluka ndi kuchita malonda, ndipo bungwe la Malawi Union of the Blind lilipo kuti liwayankhulire. Komanso munthu wotere ndi chenjezo lamoyo kwa abale ake, pakuti kudziŵa chimene chinamuchititsa khungu kungapulumutse maso a mbumba yonse.

Anthu oyankhula Chiswahili anaipezera nthendayi dzina la pakamwa, presha ya macho, ndipo dzinalo lathandiza anthu wamba kuisiyanitsa ndi ng'ala, imene iwo amaitcha mtoto wa jicho. Mwina tsiku lina Chicheŵa ndi Chiyao zidzakhala ndi dzina lakelake limene mayi wa ku Chowe adzalitchula mosavuta ngati mmene amatchulira malungo. Pakali pano mawu achigiriki aja, ngakhale ndi olemera pakamwa, ndiwo alipo, ndipo ndi ofunika kuwaloŵeza. Asing'anga a ku Ulaya anatha zaka pafupifupi 2,000 asanasiyanitse nthenda ziŵirizi, koma lero wogwira ntchito ya maso pa chipatala cha boma amatha kuona zizindikiro zake m'kanthaŵi kochepa ndi kutumiza wodwala ku Zomba kapena ku Blantyre ngati pakufunika kutero. Munthu wa zaka 40 wochokera ku Chowe, ku Malindi kapena ku Namwera akawoloka mlatho wa Shire kupita pa boma kukagula katundu kapena kukaona wodwala, apatuke afike kuchigawo cha maso, apemphe kuti amuyeze mphamvu ya madzi a m'diso ndi kumuona mtsempha, ndipo afunse tsiku lodzabweranso. Woperekeza agogo amene maso awo ayamba kuchita mdima asachoke m'chipinda cha dokotala asanafunse kuti: kodi imeneyi ndi ng'ala kapena glaucoma? Akayankhidwa kuti ndi glaucoma, uthengawo aufikitse kwa abale onse a agogowo.